Golovesi Yanga Inkanama

Ntchito yanga pa timu ya besibo ya fakitale yathu ya mapepala, masewero oponya mpira wina n'kuumenya ndi chibonga, inali yonyonyomala. M'mawa ndinkakhala kosungira katundu, kuuza a malole kuti mpukutu uwu ukwere apa, uwo udikire. Ikakwana wani koloko ndinkavula yunifolomu ya kampani, n'kumanga zoteteza miyendo ndi chifuwa, n'kulowa m'khola. Khola ndi kampanda ka waya kuseri kwa bwalo, komwe oponya mpira amatenthetsera mkono asanalowe m'masewero, ndipo ine ndinali wowakha wa mmenemo. Dzina langa ndine Kamei. Musavutike kulifunafuna m'nyuzipepala, chifukwa pa zaka khumi ndi zinayi sindinalowepo m'masewero enieni. Ine ndi chibonga chomenyera mpira tinakanana kalekale, ndipo amene anayamba kukana mnzake ndi chibongacho.

Koma panali chinthu chimodzi chomwe ndinkachidziwa kuposa aliyense pa chilumba chathu cha Shikoku, ndicho kuliza golovesi. Woponya mpira ndi munthu wosachedwa kugwa mphwayi. Akaponya, mpira n'kulowa m'golovesi mwakachetechete, amayamba kudzikayikira, ndipo akamakalowa m'bwalo amakhala atagonja kale. Choncho wowakha wa m'khola amachotsa thonje lina m'golovesi, amalandira mpira pa tsinde la chala cholozera, n'kukankhira dzanja kutsogolo pang'ono pa nthawi yake yeniyeni. Zikatero ngakhale mpira wofooka umalira kuti phaa, ngati thabwa lagwa pa simenti. Kenako umafuula kuti “Wabwino!” n'kumubwezera. Chala changa cha kumanzere chinapindika chifukwa cha zimenezi, ndipo chinasiya kumva kuwawa zaka zambiri zapitazo. Sindinkaziona ngati chinyengo ayi. Kwathu kuno ndi ulemu umene wowakha amapatsa woponya, ndipo ndinkayesa kuti aliyense akudziwa.

Munthu amene ndinamuwakhira nthawi yaitali ndi a Manabe, aakulu kwa ine ndi zaka zitatu. Chaka chimenecho anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo m'mawa ankayang'anira makina odula mapepala. Masewero amakhala ndi ndime zisanu ndi zinayi. Woyamba kuponya amatopa cha kumapeto, ndiye ena amamulandira. Ndime yomaliza inali ya Sogabe, chimunthu cha mphamvu ngati ng'ombe koma chosachedwa kuphwa: omenya atatu okha, mkono wathera pomwepo. Ndime yachisanu ndi chitatu, yomwe masewero ambiri amatayikira, inali ya a Manabe kwa zaka khumi ndi ziwiri. Mpira wawo sunali wothamanga, ndipo makina oyezera liwiro ankangowachititsa manyazi. Koma ukamafika pa womenya unkatsika mwadzidzidzi ngati munthu waponda dzenje, ndipo m'dzanja langa unkafika wolemera.

Chaka chilichonse matimu a makampani amalimbirana malo opita ku mpikisano waukulu ku Tokyo. Chilumba chathu chimatumiza timu imodzi, ndipo yopambanayo imaloledwa kubwereka osewera atatu ku matimu amene yawagonjetsa. A Manabe anapitako kanayi mwa njira imeneyi: katatu atavala malaya a fakitale ya zombo, kamodzi a kampani ya mabasi. Malaya athu obiriwira anali asanaponde ku Tokyo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Iwo ankaseka n'kumati ndi ambulera, anthu amawabwereka mvula ikagwa n'kuwabweza ali onyowa. Tinkaseka nawo, koma ine ndinkadziwa kuti nkhaniyi inkawawawa mumtima.

Juni wa chaka chimenecho mvula inasokoneza ndondomeko, moti tinasewera masiku atatu otsatizana. A Manabe anaponya masiku onse atatu, ndipo tsiku lomaliza, polimbana ndi a zombo, anasenza ndime ziwiri. Tinapambana ndi zigoli zitatu kwa ziwiri. Anthu anathamangira pakati pa bwalo, ena akulira ngati ana. Ine ndinali ndikadali pa khomo la khola, ndikumasula zam'miyendo, pamene matimu awiri anandanda kuti aweramirane. A Manabe anavula chipewa ndi dzanja lamanzere, osati lamanja loponyera lija. Wina sakanaona kanthu, koma ine ndinali nditamuyang'ana munthuyo zaka khumi ndi zinayi. Mawa lake ku kantini ndinawaona akudya udoni, chakudya chonga supageti, atatsamiza chigongono pa tebulo, iwo amene ankakalipira aliyense wodya motero.

Mphunzitsi wathu wamkulu anali a Takechi, ndipo tonse tinkangowatchula Kantoku, kutanthauza mphunzitsi, monga achitira matimu onse. Mkuluyu anali ndi chizolowezi chake. Akafuna kudziwa ngati woponya ali bwino, ankaima kunja kwa waya atafulatira khola, manja kumbuyo, maso atatsinzina. Ankati maso amanyengedwa ndi nkhope ya woponya, makina amangolavula manambala, koma khutu silinama. Atolankhani ankaikonda nkhani imeneyi, ndipo iwo ankakonda kuti atolankhani akuikonda.

Mayina atatu obwereka ankafunika kuperekedwa Lachisanu la sabata yachiwiri, isanakwane thwelofu koloko. Lolemba la sabata imeneyo Kantoku anatiuza maganizo awo: omenya awiri ndi woponya woyamba mmodzi. Wothandizira wawo anafunsa za Inui, woponya wa a zombo yemwe ankalandira anzake cha kumapeto ndipo anatisautsa kwambiri tsiku lija. Kantoku anangokweza dzanja n'kunena kuti ndime yachisanu ndi chitatu ili ndi mwini wake, sitibwereka chomwe tili nacho m'nyumba. Anthu anawomba m'manja, a Manabe anawerama, ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Lachiwiri a Manabe analowa m'khola koyamba chichokere ku mpikisano uja. Kantoku anabwera n'kuima pa malo awo, msana kwa ife. Ndinanyonyomala. Kanyamulidwe ka mwendo kanali komweko, nkhope yomweyo, ngakhale liwiro silinasiyane kwenikweni. Koma mpirawo sunatsike. Unabwera mowongoka, wopepuka ngati mulibe kanthu mkati, mpira woti ku Tokyo aliyense angaumenye ndi diso limodzi. Ndisanaganize n'komwe, dzanja langa linachita zomwe linazolowera. Phaa. Pakamwa panganso panafuula pokha kuti wabwino. Tinaponyerana mipira makumi awiri, ndipo yonse ndinailiza. Kantoku anagwedeza mutu, n'kunena kuti Manabe alipo, n'kumapita akuimba mluzu.

Titatha tinakhala pa benchi kuseri kwa khola, tikumwa tiyi wa balere wozizira. Kunali chinyontho choti malaya ankamatirira pa thupi.

“Wamva, eti Kame?” anandifunsa, atafupikitsa dzina langa monga ankachitira, osandiyang'ana.

“Ndamva, Manabe-san.”

Anandiuza zonse. Tsiku lomaliza lija, atatsala ndi mipira itatu, anamva kanthu kakuthothoka m'chigongono ngati batani la malaya. Sabata yatha anakwera sitima kupita ku chipatala cha mzinda wina, kuopa kukumana ndi anthu a ku fakitale. Dokotala anati mtsempha womanga mafupa wang'ambika kupitirira theka, pakufunika opaleshoni, ndipo kuchira kwake n'chaka ndi theka. Pa msinkhu wawo, chaka ndi theka kunali kutsanzika basi.

Kenako anandikumbutsa nkhani yomwe anandiuzapo kale tili pa ulendo. Nthawi yoyamba kubwerekedwa ndi a zombo anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo kubwera kwawo kunachotsa pa mndandanda woponya wina wachikulire wa kumeneko. Bamboyo ndi amene anadzawachingamira ku siteshoni, n'kuwanyamulira chikwama, akumwetulira njira yonse.

“Kumwetulira kumene kuja ine sindikukufuna,” anatero. “Kanayi konse ndaponya ku Tokyo ndi malaya a eni ake. Bambo anga anagwira pa fakitale ino zaka makumi anayi, sanandionepo kumeneko ndi malaya athu. Lachisanu lingodutsa, Kame. Kwatsala masabata asanu, pali majakisoni, ndime imodzi ndiikwanitsa. Sindikukupempha kuti unene bodza. Ungochita ntchito yako monga mwa masiku onse.”

Sindinayankhe. Kwathu kuno wamkulu akakupempha chinthu iwe n'kukhala chete, ndiye kuti wavomera, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

Lachitatu lonse mutu wanga sunagwire, moti ndinakwezetsa mipukutu isanu m'lole yolakwika. Paliponse pa fakitale nkhani inali ya ku Tokyo. Amayi a kolongedza katundu ankasoka mbendera zobiriwira pa nthawi yopuma. A ku ofesi anali atapeza kale mabasi makumi atatu ndi anayi. Nkhalamba zomwe zinapuma ntchito ndisanalembedwe n'komwe zinkabwera pa geti kudzalembetsa mayina, mmodzi mwa iwo bambo awo a Manabe ndi ndodo yawo. Ku kantini Sogabe, mpunga uli tho m'kamwa, anandiuza kuti iye amagona tulo tabwino chifukwa amadziwa kuti patsogolo pake pali a Manabe. Ndinafuna kumuthira supu kumaso, pomwe sanalakwe kanthu.

Ndinkachita kuziona mmene zidzakhalire. Tikutsogola ndi chigoli chimodzi, foni ya m'khola yalira, a Manabe akwera pa kachulu koponyera, ndipo mipira yopepuka ija ikuuluka kupita kwa oonerera, anthu a mabasi makumi atatu ndi anayi akuona. Kenako Kantoku alowetsa Sogabe nthawi isanakwane, nayenso n'kuphwa ndime yake isanathe. Timu inkandimvetsa chisoni, zoona. Koma kunena zoona chimene sindikanatha kupirira n'kuona a Manabe akutsika pa kachulu atazolika, bambo awo ali pomwepo.

Nanga ndikanatani? Kupita ku ofesi ya Kantoku kukawatsina khutu za thupi la wamkulu wanga, chimenecho sichichitika. Munthu wotero ngakhale atapulumutsa timu, palibe woponya amene angadzamukhulupirirenso, ndipo wowakha wosakhulupirika ndi mpando chabe. Ndinaganiza zopita kwa mwini wake. Ndinawapeza pa makina awo odulira, phokoso lili gogogo, ndipo ndinawakuwira m'khutu kuti akanene okha. Anandiyang'ana, n'kuloza zotseka m'makutu zomwe anavala, n'kupukusa mutu kuti sakumva. Munthu ameneyo ankamva lamba wa makina akangoyamba kulakwika kuchokera ku chimbudzi, koma tsiku limenelo anagontha.

Lachinayi masana Kantoku anabwera ku khola, pepala la mayina litatulukira m'thumba la malaya. Anati akufuna kumva mipira khumi yokha, kenako akasaine. Anafulatira, manja kumbuyo. Oponya ena anasiya zawo n'kuima m'mbali. Ndinanyonyomala ndisanadziwe chomwe ndichite.

Mpira woyamba ndinauliza. Dzanja linandipitirira, phaa, ndipo ndinaona mutu wa Kantoku ukugwedezeka mokhutira. Mutu umenewo ndi umene unandipsetsa mtima. Munthu wamkulu, wonyadira khutu lake, ankasankha tsogolo la anthu onsewa pomvera chala changa chopindika.

Pa mpira wachiwiri sindinachite kalikonse. Sindinakankhe dzanja, sindinausake ndi tsinde la chala. Ndinangotsegula golovesi n'kuulola kuti ufike mmene unabwerera. Unamveka kuti phu, ngati pilo wagwa pa bedi. Sindinafuule kuti wabwino. Ndinangoubweza.

A Manabe sanawakhe msanga, moti mpira unawagunda pa golovesi n'kugwa pansi. Anautola pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana. Sindidzaiwala maso amenewo. Munalibe ukali, bola ukanakhalamo. Anali maso a munthu amene watsamira khoma lomwe wakhala akulitsamira zaka zonse, n'kupeza palibe. Anaponya wachitatu ndi mphamvu zonse zomwe anatsala nazo, mpaka chipewa chinagwa. Phu.



“Kamei,” anatero Kantoku, akadali chifulatire, “wasintha golovesi?”

“Ayi, Kantoku.”

“Dzanja likupweteka?”

“Ayi, Kantoku.”

Pamenepo anatembenuka. Pa zaka zanga zonse m'kholamo ndinali ndisanawaonepo akuyang'ana woponya ndi maso. Anauza a Manabe kuti aponyenso. Anaponya, ndipo mpira utangochoka m'dzanja mkono unagwa pambali ngati si wawo. Anayesa kubisa nkhope ndi golovesi, koma aliyense anaona. Kantoku anati zakwana, n'kufunsa kuti zinayamba liti. A Manabe anatola chipewa, n'kuwerama kwambiri, n'kunena tsiku lake ndi mawu a dokotala, osabisa kalikonse. Anamaliza ndi kupepesa, ndipo anati mlandu wonse ndi wawo, Kamei anangomvera wamkulu wake.

Kantoku anabwera kwa ine. Ndinaimirira n'kuvula chisoti.

“Ndiye Lachiwiri lija ndinamva chiyani?”

“Munamva ineyo, Kantoku.”

“Nanga zaka zonsezi?”

“Zaka zonsezi munkamva iwowo. Ine ndinkangothirako mchere.”

Makutu awo anafiira. Ndinayembekezera mbama kapena kuchotsedwa, ndipo zonse ndikanazilandira. M'malo mwake anatulutsa pepala lija, n'kulitsamiza pa mtengo wa waya, n'kukhwatcha dzina la womenya mmodzi. Pamwamba pake analemba kuti Inui. Womenya wochotsedwayo ndi amene timu yonse inkamudalira kuti adzatipatsa zigoli, choncho pa mizere iwiri ya cholembera ndondomeko ya masabata awiri inasanduka ina. Tsopano tinayenera kupambana ndi zigoli zochepa n'kuziteteza ndi mlendo.

Masabata asanu otsatira anali owawa kuposa chilichonse chomwe ndinakumana nacho pa ntchitoyi. A Manabe sanandilankhule. Tikakumana pa geti ankandigwedezera mutu ngati mmene umachitira ndi dalaivala wa lole yachilendo. Oponya ena ankati ndinachita bwino, ena ankati Kamei wagulitsa wamkulu wake, ndipo mmodzi anapempha kuti aziwakhiridwa ndi wina. Sindinadziteteze, chifukwa inenso masiku ena ndinkagwirizana ndi ondinenawo. Pakamwa panga sipanaulule kanthu, zoona, koma ndani ankapusitsidwa ndi zimenezo?

Inui atafika, amene anakamuchingamira ku siteshoni ndi a Manabe. Palibe anawatuma. Ndinamva kuti anamunyamulira chikwama ndi dzanja lamanzere, koma ngati ankamwetulira sindinafunse. Inuiyo anali munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, waulemu wochita kutopetsa, woweramira ngakhale makina ogulitsa zakumwa. Ankadziwa bwino malo a munthu amene wawatenga, moti masiku oyamba ankaponya ngati akupepesa. A Manabe anaimitsa kaye opaleshoni mpaka mpikisano utatha, ndipo masana aliwonse ankabwera kudzaima kumbuyo kwake. Ankamuuza za omenya a matimu akuluakulu mmodzimmodzi: uyu amadana ndi mpira wa m'kati, uyo akakhosomola ndiye kuti akudikira wotsika. Akafuna kanthu kwa ine ankadzera mwa Inui. Ankati, muuze wowakha wakoyo asunthire kunja pang'ono. Ine ndili pomwepo, mamita osakwana makumi awiri.

Nawonso Kantoku anasintha. Anayamba kuima moyang'ana khola, maso ali tong'o, ndipo atolankhani akawafunsa za khutu lija ankasintha nkhani.

Ku Tokyo masewero athu oyamba anali a thuu koloko masana. A Manabe sanali pa mndandanda wa osewera. Anabwera ngati wothandiza, atavala malaya oyera opanda nambala, ntchito yawo kunyamula ndowa ya ayezi. Khola la kumeneko lili pansi pa mipando ya oonerera, chipinda cha simenti chopanda zenera, ndipo masewero tinkawaonera pa kanema wopachika pa khoma. Pamwamba pathu anthu a mabasi aja ankaponda mpaka fumbi kumagwa kuchokera kudenga.

Pofika ndime yachisanu ndi chiwiri tinkatsogola ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo foni inalira: Kantoku ankafuna kuti Inui akonzekere ndime yachisanu ndi chitatu. Ndinamutenthetsa Inui. Manja ake anali thukuta lokhalokha, ndiye ndinamulizira golovesi mmene ndimadziwira, mpaka mapewa ake anatsika. Akutuluka, a Manabe anamugwira pa msana n'kumuuza kuti ndime imeneyo ndi yabwino, akaisamale. Womenya woyamba anamumenyera mpira wamphamvu n'kukafika pa ngodya yachiwiri, theka la ulendo wopezera chigoli. Koma atatu otsatira anawatulutsa, womaliza ndi mpira wa m'kati monga anamuuzira a Manabe. Sogabe anatseka ndime yake ndi omenya atatu ndendende. Tinapambana. Patapita masiku anayi tinadzagonja chifukwa chosowa zigoli, ndipo mpaka lero alipo amene amati tikanakhala ndi womenya uja tikanapitirira. Mwina akunena zoona, ine sindidziwa.

Titapambana tsiku loyambalo, onse anathamangira m'bwalo kukaweramira oonerera. Tinali ndi mphindi makumi awiri zoti tichoke, matimu ena alowe. Ine ndinatsala m'khola ndikutolera mipira m'thumba. Nditadzutsa mutu ndinaona a Manabe akutsegula chikwama chawo. Anatulutsa malaya obiriwira a nambala 19, opindidwa bwinobwino, n'kuyamba kuvala. Mabatani anawavuta ndi dzanja limodzi, koma sindinayerekeze kukawathandiza. Atamaliza anakwera pa kachulu ka m'kholamo n'kusalaza dothi ndi phazi, kawiri kumanja kamodzi kumanzere, monga ankachitira nthawi zonse.

“Kame. Nyonyomala.”

Amenewo anali mawu awo oyamba kwa ine chichokere Lachinayi lija. Ndinawakumbutsa zomwe ananena dokotala, iwo n'kundiyankha kuti dokotalayo akasoka zonse pamodzi, ndisadere nkhawa. Ndinaponya thumba pansi n'kutenga golovesi. Ndikunyonyomala ndinaona kuti pa khomo paima munthu. Anali Kantoku, atabwera kudzatifulumizitsa. Anayang'ana malaya obiriwira aja, n'kuyang'ana ine. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono n'kutifulatira, manja kumbuyo.

“Umodzi wokha,” anatero a Manabe. “Ndipo lero undichitire ntchito yako.”

Ananyamula mwendo, n'kuponya. Mpirawo unabwera ngati wotopa ndi ulendo, ndipo ukanachedwa pang'ono ukanagwera panjira. Ndinaudikira, n'kuupeza ndi tsinde la chala, n'kukankha ndi phewa lonse. Chipinda cha simenticho chinabweza kulirako kanayi. Chala changa chakufa chija chinamva kuwawa koyamba pa zaka zambiri, ululu wake mpaka m'khosi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifuule monga mwa nthawi zonse, koma wina anandipitirira.

Amene ananena anali Kantoku, osatembenuka.

“Wabwino. Manabe alipo.”

A Manabe anaima pa kachulupo atagwira chigongono, thukuta la ululu likutsika m'masaya. Anavula chipewa n'kuweramira msana wa Kantoku, kenako n'kundiweramira ine, zomwe wamkulu sachitira wamng'ono wake. Atadzuka anali akuseka.

“Wabodza iwe,” anatero. “Tabwera undimasule mabataniwa, bambo akundidikira pa basi.”

Ndinawamasula. Anapinda malaya aja n'kuwabwezera m'chikwama, ndipo ndowa ya ayezi tinanyamula tonse awiri, iwo ndi dzanja lamanzere, ine ndi lamanja.